Nkhumba Imene Sinabadwe ku Vundikira

Kuseri kwa mapiri aja osayenera kuwaloza ndi chala kuli dziko lotchedwa Vundikira. Musapiteko. Koma mukakakamizika, nyamulani bulangete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo chilichonse chimene mungaone, yambani mwayang'ana nkhope za eni dziko musananene kuti mwachiona. Chifukwa chake ndi ichi.

Mfumu ya kumeneko, Chidyeretu Wachiwiri, inali yokonda maulendo a kunja. Anthu ake ankaopa kubwera kwake kuposa kupita kwake, pakuti ulendo uliwonse inkabwerako ndi kachinthu m'mutu. Chaka china inaona misewu yozungulira m'mizinda ya eni ake, ndipo itafika inalamula kuti njira zonse zizizungulira, mpaka onyamula maliro ankazungulira mtengo wa mkuyu katatu asanalowe kumanda. Muziopa, abale inu, munthu wamkulu akamatsika galimoto akumwetulira yekha.

Chaka chimene chinavuta, mfumu inabwerako mu Julaye, masaya ali phwii, ikunyambita milomo. Midzi yonse inalamulidwa kukandanda m'mbali mwa msewu kukaimba. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaoneke: Nasoko, mayi wamasiye wa m'mudzi wa Khalachete.

Nasoko ameneyu anali ataona zakuda. Mwamuna wake atamwalira, akuchimuna anabwera ndi ngolo nakokolola zonse, njinga, malata, nkhumba zisanu, mpaka mpando wothyoka mwendo. Chimene analephera kukweza pangolo ndi luso la m'manja mwake, chifukwa mayiyu ankadziwa kusunga nyama ya nkhumba ndi mchere ndi utsi, monga anamuphunzitsira amake. Pofuna kuyambiranso, analandira nkhumba yaikazi ya mnansi wake kuti aziiweta, pa pangano lija la kumudzi: ikadzaswa, kamwana kamodzi kakakazi n'ka woweta. Chaka chathunthu Nasoko anasesa madeya m'zigayo za eni, nathyola kholowa, natola makoko a nthochi pamsika. Ndiye nkhumba ija, mwa masiku onse a Mulungu, inasankha kuswa pa tsiku lobwera mfumu.

A Gwadani, nduna yoona zoti anthu akusangalala mokwanira, ankayenda khomo ndi khomo ndi asilikali kufunafuna obisala. Anam'peza Nasoko atagwada m'khola, kamwana konyowa kali m'manja.

"Mayi! Mfumu ikudutsa pamsewu, inu mukuchita uzamba kwa nkhumba?"

"Pepani bwana. Ndinaiuza kuti idikire, koma siidziwa za boma."

Anam'thamangitsira kumsewu momwemo, kamwana kali pachifuwa, akuimba nawo nyimbo zolandira mfumu. N'chifukwa chake kankhumbako anakatcha Takulandirani. Ndipo a Gwadani, pofuna kukondedwa, anaimika chimwala chachikulu pabwalo la nyumba yachifumu, nalembapo mwezi ndi tsiku limene mfumu inabwera. Muusunge mwala umenewo m'mutu.

Mfumu inaitanitsa nduna zake zonse. Inaimirira, inakhosomola, nduna zinaomba m'manja chifukwa cha kukhosomolako.

"Ndapeza chimene chikutsekereza chitukuko m'dziko muno," inatero. "Anzathu kunja kukacha amadya bekoni."

Nduna zinaombanso m'manja, nthawi yaitali ndithu, aliyense akuyembekeza kuti mnzake afunse. Potsiriza nduna ya zamisewu inafunsa ngati bekoniyo ndi mbalame.

"Mbuli iwe! Ndi timizere ta nyama ya nkhumba, topyapyala ngati tsamba la fodya, tamchere, tonunkhira utsi, tolira m'kamwa ukamatafuna. Munthu ukadya timeneto m'mawa, maganizo a chitukuko amangobwera okha."

M'mawa mwake mkulu wosunga mbiri ya dziko analengeza kuti wafufuza ndipo wapeza kuti bekoni anayambira ku Vundikira komweko. Akuti agogo a mfumu anaponya mkondo mwamphamvu mpaka unacheka nkhumba m'timizere, timizereto tinagwera m'dziwe la misozi ya adani awo, n'kumene kunachokera mchere. Azungu anangoba nzeruyo. Ana asukulu anaimbitsidwa zimenezi asanalawepo n'kamodzi komwe.

Zikanathera pa nyimbo zikanakhala bwino. Koma mfumu inali italembera kale mnzake, mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tilinazo, kuti abwere kumapeto kwa Okutobala adzaone dziko limene ngakhale agalu atopa naye bekoni. A Gwadani anakwezedwa kukhala Nduna ya Bekoni ndi Zonunkhira. Anapatsidwa galimoto, ofesi ndi chipewa. Chimene sanapatsidwe ndi kudziwa kapangidwe kake. Miyezi iwiri inatha akuchita misonkhano, Okutobala n'kukwana.

Tsono pakamwa, abale, pakamwa m'posunga. Pamsika wa Tingoona panali a Bonongwe, bambo ogulitsa mchere, munthu wabwino koma wosatha kumeza mawu. Atamva asilikali akufotokoza za chakudya chachilendocho anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bekoni, bekoni! Si nyama ya a Nasoko ija timadulira m'nyemba?"

Dzuwa lisanapendeke Nasoko anali atagwada mu ofesi ya a Gwadani.

"Fotokozani zonse, mayi, ndipo musabise kanthu. N'za boma izi."

Nasoko anafotokoza. Umatenga nyama ya pamimba, ija yoyalana mafuta ndi mnofu. Umaitikita ndi mchere wamiyala ndi kashuga pang'ono, n'kuiika mumphika wadothi pakona yozizira. M'mawa uliwonse umaitembenuza n'kutaya madzi otuluka, masiku khumi, osadumpha. Kenako umaitsuka, kuiumitsa pamphepo, n'kuipachika pansanja masiku atatu, pansi pakufuka zitsononkho za chimanga. Utsi wokha, osati moto, ukayaka moto wawotcha, sunasunge.

"Koma bwana," anatero Nasoko, "zimenezi n'za mu Juni, chisanu chikagwira, ntchentche zitagona. Mu Okutobala muno nyama imayamba kulankhula dzuwa lisanalowe."

A Gwadani anapita nawo mawuwo kwa mfumu. Mfumu inamenya tebulo.

"Ndani anam'patsa Okutobala chilolezo chotsekereza chitukuko?"

Palibe nduna inavomera kuti ndiyo inasaina.

Tsono ku Vundikira kuli mpando wa makolo, wamtengo wakuda. Mfumu ikalumbira itaugwira, mawu amenewo sabwezedwa. Yowabweza imatsika pampando tsiku lomwelo. Mafumu anzeru ankaulambalala mpando umenewo ngati dzenje. Chidyeretu anaugwira ndi manja onse awiri.

"Kuyambira lero, uno ndi mwezi wa Juni! Ndipo Juni ameneyu sadzatha kufikira ine nditadya bekoni wa nkhumba ya m'dziko langa!"

A Gwadani, posafuna kuoneka operewera, anawonjezera lawo lamulo: aliyense wonena kapena wochita chosonyeza kuti Juni anadutsa kale adzapita kundende ya Iwalani, kumene opitako ngakhale amawo amasiya kuwatchula.

Kunacha kukutentha koti nkhuku zinkayenda zitayasama. Anthu anatuluka m'nyumba atafunda mabulangete. Amene analibe anafunda ziguduli. Ngakhale aja chipembedzo chawo sichilola nkhumba anafunditsidwa, chifukwa Juni sasankha mpingo. Nyenje zinaletsedwa kulira m'mitengo, koma nyenje sizipita kumisonkhano.

"Mwadzuka bwanji, a Bonongwe?" anafunsa Nasoko pamsika, asilikali ali chapafupi.

"Ndazizidwa, mayi, ndazizidwa koopsa. Taonani mame akuyenderera kumsanaku."

"Pepani. Muzikhala padzuwa."

"Ndayesa, koma dzuwa la Juni wa chaka chino n'lamwano. Dzulo linandiphikira dzira m'thumba."

Atachoka asilikali, a Bonongwe anatsitsa mawu. "Mlongo wanga, ndinakuikani m'mavuto ndi pakamwa pangapa. Mverani tsono: mawa akuyamba kutola nkhumba zonse. Kanu kaja mukabise."

Nasoko anabwerera kumudzi. Akabise kuti? M'nkhokwe amayang'ana, m'bafa amayang'ana, kudambo agalu awo amanunkhiza. Anakayang'ana Takulandirani, kali kakuda ndi banga loyera pamphuno, kakumukankha mwendo kufuna madeya. Chaka chonse cha kusesa m'zigayo chinali m'kanyama kameneko. Pomwepo anakumbukira kuti ku Vundikira tsopano munthu aliyense ali ndi linunda la bulangete kumsana. Anakanyamula, anakabereka ndi chitenje ngati khanda, nafunda pamwamba.

Nkhumba zonse za m'dzikomo zinaphedwa tsiku limodzi. Zazikazi za bere, zamphongo zosafula, zokalamba, zoyamwitsa, ndi make wa Takulandirani yemwe. Nyama anaiunjika m'chinyumba cha malata pafupi ndi nyumba yachifumu. A Gwadani anati masiku khumi a mumchere ndi ulesi wa anthu akumudzi, boma lichita masiku awiri. Anatinso kutembenuza nyama m'mawa uliwonse n'kusakhulupirira Juni wa mfumu.

Tsiku lachitatu anthu a mumzinda anadzutsidwa ndi mphuno zawo. Lachinayi ntchentche zobiriwira zinafika ndi abale awo a m'maiko ena. Lachisanu miimba inandanda padenga la nyumba yachifumu ngati nduna zodikira msonkhano. Boma linalengeza kuti limeneli ndi fungo la chitukuko, ndipo wogwira mphuno pagulu akafotokoze ku Iwalani.

"Tatukuka, abale," ankatero a Bonongwe, misozi ili mbwe. "Tatukuka mpaka galu wanga wasamukira ku Tilinazo."

Ophika a kunyumba yachifumu anakazinga kamzere kamodzi n'kupita nako kwa mfumu pa mbale yagolide. Mfumu inakakweza kufika pachibwano, dzanja linakana lokha. Inapatsa a Gwadani kuti ayambe ndiwo. A Gwadani anameza akumwetulira, ndipo masiku atatu otsatira ntchito za unduna wawo zinkayendetsedwa kuchokera m'kanyumba kakuseri.

Atatulukamo, ataonda ngati mpini, anafotokoza chimene chinalakwika. Juni analibe vuto. Mchere unalibe vuto. Nkhumbazo ndizo zinali zotsutsa boma, zinawola dala. Chofunika n'kupeza nkhumba ina yomvera. Asilikali anagwedeza dziko lonse, koma m'makola munali zii.

Nasoko akanakhala kunyumba. Koma madeya anatha, ndipo kankhumba kanjala sikasunga chinsinsi. Anapita nako kumsika kumsana, akuyenda pang'onopang'ono, thukuta likutsika mpaka m'zidendene. Atafika pa mzere wa matimati, msilikali wina anamuimitsa.

"Amayi, si inu amasiye a ku Khalachete? Mwana mwamutenga kuti?"

"Ndi mdzukulu, bambo."

Mdzukulu uja anati gwii.

"Akulira bwanji chonchi?"

"Chifuwa, bambo. Chisanu chavuta chaka chino."

Msilikali anatsala pang'ono kumusiya, pakuti kutsutsa za chisanu kunali koopsa. Koma pomwepo mdzukulu anatulutsa mphuno ya banga loyera pansi pa bulangete, nanyamula tomato wamkulu pamulu wa eni ake, namutafuna pamaso pa msika wonse.

Nasoko anam'tengera kubwalo la nyumba yachifumu, khamu la anthu ofunda likutsatira m'mbuyo. Mfumu inakhala pansi pa ambulera itavala chijasi chaubweya, anthu awiri akuikupiza mobisa. Takulandirani anam'mangirira pachikhomo pakati pa bwalo. Wopha nyama ankanola mpeni pamwala, kwee, kwee, kwee.

"Mayi uyu anabisa chuma cha boma kumsana," anatero a Gwadani. "Koma mfumu ndi yachifundo. Nkhumba iphedwa lero, iye apange bekoni ndi manja ake. Akakoma, akhululukidwa."

Nasoko anadziwa kuti sangakome. Kankhumba ka miyezi itatu kalibe n'pamimba pomwe, ndipo kutentha kumeneko kukanawoletsa ngakhale mwala. Kukana n'kupita ku Iwalani lero, kuvomera n'kupitako sabata yamawa, ndipo njira zonse ziwiri Takulandirani wafa. Anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba kunali miimba, kenako maso ake anagwera pa mwala umene wopha nyama ankanolerapo mpeni. Chinali chimwala chija a Gwadani anaimika. Zilembo sankazidziwa, koma tsikulo ankalidziwa kuposa aliyense.

Anaomba m'manja mwaulemu, mutu uli pansi.

"Mbuye wanga, ine ndine mbuli, sukulu ndinangoiona denga. Ndiloleni ndifunse a Nduna kuti ndisalakwitse ntchito yanu. Bwana, uno ndi mwezi wanji?"

"Juni!" anakuwa a Gwadani, akuyang'ana mfumu kuti iwaone.

"Zikomo bwana. Nanga pamwalapo munalembapo mwezi wanji?"

"Julaye. Tsiku lodala limene mfumu yathu inabwera."

"Julaye wa chaka chino?"

"Wa chaka chino, mayi, musatitayitse nthawi."

"Pepani bwana. Tsiku limenelo munandipeza kuti?"

A Gwadani anaseka, natembenukira kukhamu. "Ndinakupezani m'khola, manja ali magazi okhaokha, mukubadwitsa kankhumba komweka! Ndikukakumbuka ndi banga la pamphunoli. Ndinaona ndi maso angawa!"

"Ndiye mwanena ndinu, bwana. Kanabadwa mu Julaye. Uno ndi Juni." Nasoko analoza kankhumbako. "Ine ndimaona ngati sikanabadwe."

Pabwalo panagwa bata loti munthu ankamva nyenje zoletsedwa zija. Wopha nyama anasiya kunola. Anayang'ana kankhumba, anayang'ana njira ya ku Iwalani, nabisa mpeni kumbuyo n'kuyamba kuyang'ana mitambo.

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono. "Gwadani. Pali nkhumba apa, kapena palibe?"

Nthawi imeneyo Takulandirani anali atakoka chingwe mpaka kufika pamapazi a nduna, ndipo ankatafuna mphonje za bulangete lawo. A Gwadani akati ilipo, ndiye kuti Julaye anadutsa, ndipo lamulo la ku Iwalani analemba okha ndi dzanja lawo. Akati palibe, mfumu igona ndi njala ya bekoni. Mame anatsika pamphumi pawo ngati mvula.

"Mbuye," anatero, "ndikuona... ndikuona malo amene nkhumba idzakhalepo."

"Nafenso, mbuye!" zinakuwa nduna zonse. "Malo okhaokha!"

"Malo abwino zedi," anatero a Bonongwe, ali kutsogolo kwa khamu pafupi ndi chikhomo. "Angondidyera chimanga cha m'thumba, malo amenewa."

Mfumu inaimirira, mitsempha ya m'khosi itatupa. "Ndiye ndikulamula kuti mawa akhale Jula..."

Mkulu wosamala mpando wa makolo, nkhalamba yopanda mano imene inali isanalankhulepo zaka makumi awiri, anangokhosomola, nayamba kupukuta fumbi pampandopo ngati akukonzera munthu wina.

Mfumu inameza mawu ake otsala. Inawerenga pa zala, milomo ikugwedera. Juni sangathe isanadye bekoni. Bekoni sangapangidwe nkhumba isanabadwe. Nkhumba singabadwe Juni asanathe. Inayambiranso kuchokera kuchala chaching'ono, zinatuluka chimodzimodzi.

"Chotsani!" inabangula. "Chotsani pamaso panga chinthu chimene palibechi!"

Nasoko anamasula chingwe, anabereka Takulandirani, nayenda chobwerera m'mbuyo akuomba m'manja mpaka kuchipata. Atangokhota pakona anathamanga liwiro limene sanathamangepo chiyambire utsikana wake.

Mfumu ya ku Tilinazo inafika pamalire kumapeto kwa Okutobala monga inaitanidwira, ndi ng'oma ndi mphatso. Alonda anaiuza mwaulemu kuti yafulumira ndi miyezi inayi. Inanunkhiza mphepo yochokera ku Vundikira, ndipo sinatsutse.

Mpaka lero ku Vundikira ndi Juni. Mvula yoyamba imagwa mu Juni, amabzala mu Juni, amakolola mu Juni. Ena amanong'ona kuti ngati zili choncho ndiye kuti nayo mfumu sinabwerebe kuulendo wake uja, koma zimenezo simunamve kwa ine.

Takulandirani anakula n'kukhala chinkhumba chodzaza khomo. Yamphongo ina ya ku Tilinazo inadutsa malire osafunsa chiphaso, ndipo posakhalitsa m'khola la Nasoko munali ana asanu ndi anayi. Popeza mayi wawo sanabadwe, iwonso sanabadwe. Nasoko anabwezera kamodzi kwa mnansi wake uja, ena anaikiza m'midzi pa pangano lakale lomwe lija. Tsopano dziko lonse ladzaza nkhumba zosabadwa. Asilikali amazilambalala pamsewu akuyang'ana kumwamba, ena amazipepesa akaziponda.

Chisanu chenicheni chikafika, chimene anthu amachidziwira poona kuti mabulangete ayamba kukoma, Nasoko amagula mchere wamiyala kwa a Bonongwe. Masiku khumi mumphika, masiku atatu pansanja, utsi wa zitsononkho. Kenako m'mawa wina m'mudzi wa Khalachete mumamveka kulira kwa mafuta pachiwaya, ndipo nyumba ndi nyumba ana amanyambita zala. Palibe amene anapititsako ngakhale kachidutswa kunyumba yachifumu. Ku Vundikira kulibe munthu wofuna Julaye.

Koma mphepo ilibe mwambo. Imanyamula fungo lija n'kukalilowetsa pazenera la mfumu. Chidyeretu, amene tsopano wakalamba m'chijasi chake chaubweya, amadzutsa mutu, mphuno zikugwedera, malovu akudontha.

"Gwadani! N'chiyani chikununkhira chonchi?"

A Gwadani amanunkhiza nawo, amapukuta msanga mafuta a pachibwano pawo, n'kugwada.

"Ndi fungo la mwezi wamawa, mbuye."

Ndiye ndanena kale, musapiteko. Koma mukapezeka kumeneko, wina n'kukuikirani kamzere kofiirira m'mbale ya nyemba, musafunse dzina lake. Idyani mutayang'ana kukhoma, pukutani pakamwa, ndipo akakufunsani kuti mwadya chiyani, nenani kuti mwazizidwa.